Benz 240D ya 1983 ngati galimoto yoyamba: zomwe ndaona pa misewu ya Angonia ndi Tete

Anyamata ambiri kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, akangoti ndalama yayamba kugona m'thumba, maso amathamangira ku Vitz, Ractis kapena Mark X zochokera ku Japan. Palibe cholakwika, ndi galimoto zomvera. Koma tilipo ena amene mtima umatidumpha tikaona galimoto zakale za mabwana, zija za zitsulo zonyezimira kutsogolo, zomwe timaziona pa zithunzi za maukwati akale. Ndikulembera a gulu limeneli, makamaka amene akufuna kuti galimoto yawo yoyamba ikhale yotere, chifukwa mafunso omwe ndimalandira pa WhatsApp ndi pa bomba pothira mafuta sasintha: imamwa bwanji, masipeya umawapeza kuti, kodi sinakusaukitse?

Yanga ndi Mercedes-Benz 240D ya 1983, mtundu umene amakaniko amautchula kuti W123. Ndi ya dizilo, ya magiya anayi osintha ndi dzanja, penti yake yoyera motuwirako. Ndinaigula kwa bambo ena achikulire a mu mzinda wa Tete amene maso anali atayamba kuwavuta, pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa Vitz yotopa. Maganizo anga ndinene msanga. Kwa wachinyamata wa kuno, Benz ya dizilo ya W123 ndiyo galimoto yapamwamba yakale yokhayo imene ndingamuuze mnzanga kuti gula, ine n'kugona tulo. Koma aigule munthu amene ali ndi njira ina yopitira ku ntchito, kaya njinga yamoto kaya miyendo, ndiponso amene wapeza kale makaniko asanapeze galimotoyo.

W123 inayamba kupangidwa mu 1976 ndipo yomaliza inatuluka m'fakitale kumayambiriro kwa 1986. Zonse pamodzi zinakwana pafupifupi 2.7 miliyoni. Kwa ife a m'matumba mopepuka nambala imeneyi ndi yofunika kuposa nyenyezi ya pa boneti, chifukwa galimoto yomwe inachuluka chonchi masipeya ake sathera pomwepo. Mpaka lero alipo makampani amene akupangabe mafyuluta, mabuleki ndi mabushi ake. Zambiri zomwe zikuyenda kum'mwera kwa Africa kuno anazimangira ku East London, ku South Africa, chiwongolero chili kumanja monga timayendera ife, a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe. Ku Morocco zinagwira ntchito ya takisi kwa zaka makumi angapo, zikunyamula anthu sikisi kuwonjezera pa woyendetsa.

Ndisanaigule ndinasuzumirako zina, ndipo ina inatsala pang'ono kundigwetsa. S-Class ya W126, imene inapangidwa kuyambira 1979 mpaka 1991, ndi mtundu uja ogwira ntchito ku East London anapangira Nelson Mandela yofiira, 500SE, mu 1990 atatuluka m'ndende. Ukakhala pa mpando wakumbuyo umayamba kuyankhula mwaunduna. Koma zomwe ndinapeza zinali za petulo, masilinda sikisi kapena eyiti, ndipo malipiro anga akanathera pa bomba mwezi usanafike pakati. Toyota Celsior, yomwe kwina imatchedwa Lexus LS400, inatuluka mu 1989 ndi injini ya V8 ya malita 4.0. Injiniyo ndi yolimba zedi, mpaka anyamata a ku South Africa amaizula n'kuiika m'ma Hilux. Vuto ndi loti sitata yake ili pakati penipeni pa injini, pansi pa manifodi, pampu ya chiwongolero ikayamba kudontha imadonthezera pa alitaneta, ndipo kompyuta yake ikakalamba imafuna katswiri wa zamagetsi amene ku Domwe kapena ku Tsangano simungamupeze. BMW E30, imene a ku Johannesburg amaitcha gusheshe, mtengo wake unakwera kalekale, ndipo zambiri zinadutsa m'manja mwa anyamata ozunguza galimoto pa bwalo mpaka matayala kufuka utsi. W124, yomwe inalowa m'malo mwa W123, imayenda bwino kuposa yanga, sindikana. Ndikanapeza ya dizilo yosamalidwa mwina ndikanatenga imeneyo. Kungoti za m'ma 1993 mpaka 1995 zimadziwika ndi vuto la mawaya a pa injini, chikopa chake chimafumbutuka chokha chikakalamba. Cressida ndi nkhani ina. Ndi yolimba, koma kupeza yomwe sinanyamuleko matumba a mbatata n'kovuta.

Tsiku lokaona galimotoyo sindinapite ndekha. Ndinatenga amesitiri ena achikulire amene anaphunzira ntchito pa mathirakitala ndi malole, ndipo chilichonse chimene ndikudziwa pa kasankhidwe ndinachiona m'manja mwawo. Anaumirira kuti tifike m'mamawa mwini wake asanailize. Titafika sanayang'ane penti n'komwe. Anatsegula boneti, yomwe pa galimoto imeneyi imatha kuimikidwa chilili, n'kuika chikhatho pa injini kuti amve ngati ili yozizira. Anati wogulitsa wochenjera amaitenthetsa wogula asanafike, chifukwa dizilo yotopa imabisa matenda ikatentha. Kenako anayala thumba pansi n'kulowa kunsi chagada, sikuludiraiva ili m'manja, akugogoda malo anayi oikapo jeke. Atatuluka anazula batire kuti aone chitsulo cha pansi pake, anakweza makapeti onse, anachotsa tayala la sipeya mu buti, n'kutulutsa kamaginito kokulunga m'kansalu komwe anayendetsa m'munsi mwa zitseko. Pamene maginito sakugwira, pamenepo pali phala lobisa bowo.

"Mwana wanga," anatero akupukuta m'manja, "injini ndikukonzera, giyabokisi ndikukonzera. Thupi likawola ndilibe nalo mankhwala."

Apa ife a ku Tete tili ndi mwayi. Galimoto yomwe yakhala zaka zake ku Beira kapena ku Quelimane imadyedwa ndi mphepo ya mchere, pamene ya mu chigwa cha Zambezi imakhala youma. Dzuwa la kumeneko limang'amba dashibodi ndi kuumitsa malabala a magalasi, koma zimenezo ndi zosinthika.

Atakhutira ndi thupi ndi pomwe anauza mwini wake kuti ailize. Iwo anaima kumbuyo kuyang'ana utsi. Utsi woyera pang'ono umene ukutha injini ikangotentha si nkhani. Wabuluu wosalekeza ndiye kuti ikudya oyilo. Kenako, injini ikulira, anamasula chivundikiro chothirira oyilo n'kuchisiya pomwepo osamanga. Chikangonjenjemera pang'ono, injini ili bwino. Chikayamba kuvina n'kufuna kudumpha, mpweya ukudutsa m'mbali mwa mapisitoni, ndipo mukugula ntchito yaikulu. Chathu chinangogwedera mwaulemu, amesitiri n'kundiyang'ana, n'kugwedeza mutu kamodzi. Mita ya makilomita sanaiwerenge n'komwe, anati pa galimoto ya zaka 40 mita imanena zomwe mwini wake akufuna.

Mapepala ndiwo amagwetsa anyamata ambiri, chifukwa mtima ukakhala pa galimoto maso saona bwino. Pafunika livrete, chikalata cha galimotoyo, ndi título de propriedade, chikalata cha umwini, ndipo dzina la pa título likhale la munthu amene mukumupatsa ndalamayo. Galimoto zakalezi nthawi zambiri eni ake anamwalira, wogulitsa ndi mwana kapena mphwake, ndipo mawa kungatulukire mlongo wake kunena kuti sanauzidwe. Nambala ya chasisi ya pa chitsulo ifanane ndi ya pa livrete. Pa 240D chakumayambiriro kwake kumakhala 123.123, ndiye mukaona ina dziwani kuti thupi ndi mapepala si za galimoto imodzi. Poti tili m'malire, mudzakumananso ndi za nambala ya ku Malawi zomwe zinalowera pa Calomue kapena pa Zobwe n'kukhalira konkuno. Mtengo wake umaoneka wokoma, koma pitani kaye ku alfândega, ofesi ya kasitomu, mukamve za msonkho musanapereke kalikonse, safunsa anadya phula. Pamwamba pa izi pali za chaka ndi chaka, seguro (inshuwaransi), inspecção (kuyezetsa galimoto) ndi manifesto (msonkho wa galimoto), komanso matirayango awiri ochenjezera ndi kolete (vesiti) yowala zisachoke mu buti.

Tsopano kayendedwe kake, komwe ndi pamene anthu amagawikana. Injini ya 240D, yotchedwa OM616, ndi ya malita 2.4, masilinda anayi, yopanda tebo, ndipo mphamvu zake ndi 72 hp basi pa galimoto yolemera pafupifupi tani ndi theka. Kuti ifike pa liwiro la 100 kuchokera poima pamafunika masekondi opitirira 20. Mnyamata wa Mark X amandisiya ndikadali mu giya yachiwiri. Ulendo wochokera ku Tete kubwera ku Ulongwe ndi wa makilomita oposa 200, ndipo umakwera mamita oposa 1,000 kuchoka m'chigwa kufika ku mapiri, kumene mpweya wopepuka umaichotseranso timphamvu tochepa tomwe ili nato. Mukangodutsa Moatize pa N7 mumalowa mu mzere wa malole opita ku Malawi, ndipo kupitirira lole imodzi ndi nkhani yoikonzekera patali: kubwerera m'mbuyo pang'ono, kutenga liwiro, kuonetsetsa kuti kutsogolo kuli mbee, kenako n'kutuluka. Wopupuluma asagule galimoto imeneyi, idzamupha. Mukakhota pa Mussacama kulowa N304, pa zitunda zija, imakoka ngati ng'ombe ya pa ngolo, siithamanga koma siibwereranso m'mbuyo. Giya yachitatu, phazi pansi, singano ya kutentha ili phee pamalo pake.

Chimene imakubwezerani ndi kukhala bwino. Maenje a pa N7 amene amachititsa Vitz kulira ngati yathyoka, iyo imangowameza. Matayala ake ndi a mainchesi 14 a nthiti zazitali, masipuling'i ndi ofewa, ndipo mipando ili ndi masipuling'i akeake mkati. Ndimafika ku Tete msana uli bwinobwino. Chiwongolero ndi chachikulu ndipo chimakhala ndi kampata pang'ono pakati, zomwe poyamba zimadabwitsa munthu wozolowera za ku Japan. Chitseko chikamatsekeka chimamveka kuti khu, kamodzi, popanda kulira kwa malata, ndipo ndaonapo akuluakulu akuchitsegulanso kuti angomva kachiwiri.

Galimoto ya kuno imakhala m'nyengo ziwiri tsiku limodzi. Mu Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete umapitirira madigiri 40, ndipo mukaima pa mzere wolowera pa mlatho wa Samora Machel masana, radiyeta yotsekeka imaonekera pomwepo. Ntchito yoyamba yomwe tinachita inali kutsukitsa radiyeta, kusintha mapaipi onse a madzi ndi kuika themositati yatsopano. Amakaniko ena amakonda kuichotsa themositati n'kutaya, ati kuti injini izizizira. Musalole, pa injini imeneyi madzi amayamba kuzungulira molakwika. Yanga ilibe choziziritsa mkati, ndipo mipando yake ya chikopa chopanga chotchedwa MB-Tex, imene siing'ambika wamba, imawotcha ntchafu ikakhala padzuwa, ndiye chitenje chimakhala pa mpando nthawi zonse. Kuno ku mapiri vuto ndi losiyana. M'mawa wa Juni kapena Julaye, chisanu chili mbuu, mumatembenuza kiyi theka, n'kudikira kuti kanyali ka mapulagi otenthetsera kazime, kenako n'kuliza. Pulagi imodzi ikafa imadzuka ikutsokomola ndi kugwedeza nyumba yonse. Batire ikhale yaikulu, yaing'ono yotchipa siingathe kutembenuza injini imeneyi kukazizira.

Pali chinthu china chimene mwini W123 ya dizilo aliyense adzakumana nacho, ndiye ndibwino mumve kwa ine. Injini imeneyi ilibe kompyuta. Pampu yake ya Bosch imayenda ndi zitsulo zokhazokha, ndipo ikangolira siifunanso magetsi. Poizimitsa, kiyi imatsegula kanjira ka mpweya wokoka, umene umakatseka mafuta ku pampu. Mpweya womwewo ndi umene umakhoma zitseko, kudzera m'timapaipi tating'ono toyenda galimoto yonse. Lamlungu lina ndinaima pa tchalitchi ku Domwe, ndinazimitsa, ndinazula kiyi, injini ili gu gu gu osaleka. Amayi a kwaya anayamba kubwerera m'mbuyo, mwana wina n'kufuula kuti ili ndi mankhwala. Ndinatsegula boneti n'kukanikiza kachitsulo kolembedwa STOP kamene kali pambali pa injini, n'kukhala chete. Amene anaipanga anadziwa kuti tsiku lotere lidzafika. Vuto linali kalabala kolumikiza timapaipi, kotalika ngati chala, komwe kanauma ndi ukalamba, ndipo mtengo wake sunafike ndi wa mbale ya nsima.

Matenda ake ambiri ndi otere, a labala ndi ukalamba, osati a chitsulo. Mabushi a kunsi, zogwirira injini, timapaipi tobweza dizilo pakati pa mainjekita, malabala a zitseko. Injini imayendera tcheni osati lamba, ndiye palibe mantha oti lamba aduka pa msewu. Koma mavalavu ake sadzikonza okha, amafuna kuchunidwa nthawi ndi nthawi ndi masipanala opindika a 14, ndipo makaniko wachinyamata amene anakulira pa galimoto zolumikiza ku kompyuta sadziwa n'komwe kuti ntchito imeneyi ilipo. N'chifukwa chake ndikuti pezani kaye madala odziwa dizilo yakale, muwalemekeze, muziwalipira pa nthawi yake.

Mafuta imamwa malita 9 kapena 10 pa makilomita 100 pa ulendo wautali, malinga ndi mmene ndimayezera ine. Si pang'ono poyerekeza ndi Vitz, koma si zoopsa. Chimene muyenera kusamala ndi dizilo ya m'zigubu ya m'mbali mwa msewu, imene nthawi zina imabwera ndi madzi ndi zinyalala. Pali kafyuluta kakang'ono koonekera mkati kamene kamakhala patsogolo pa fyuluta yaikulu. Ndimayenda ndi tiwiri ta sipeya, chifukwa kakada galimoto imafooka pa chitunda, ndipo kusintha n'kupopa ndi kapampu ka dzanja ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Mafyuluta, oyilo ndi mabuleki ndimapeza ku Tete. Zina ndimaitanitsa ku Lilongwe kudzera pa Dedza, kapena ku Blantyre, ndipo zovuta kwambiri zimachokera ku Johannesburg ndi anzathu oyendetsa malole. Apa pamafunika kudekha, chifukwa galimoto imatha kukhala pa miyala milungu ingapo kudikira kachitsulo kamodzi. Zosowa kwenikweni ndi zokongoletsa: magalasi a nyali, zitsulo zonyezimira za m'mbali, mawilikapu a mtundu wa penti ya galimotoyo, ndi nyenyezi ya pa boneti imene ana amakonda kuthyola. Posankha, yokhala ndi zonsezi koma injini yofuna ntchito pang'ono ndi yabwino kuposa yolira bwino koma yosololedwa. Masipeya otchipa opanda dzina aliponso ambiri, ndipo bushi yotere siimaliza dzinja limodzi. Langizo langa pa ndalama ndi loti zomwe mwasunga muzigawe patatu, magawo awiri agule galimoto, gawo lachitatu lidikire amesitiri. Lidzatha ndithu m'miyezi yoyambirira.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti. Anthu saona chaka cha galimoto, amaona nyenyezi. Achibale amene sankandidziwa anayamba kunditchula kuti bwana, ndipo amalume anga anandiitanira pambali pa maliro n'kundifunsa kuti, "Mphwanga, bizinesi yake ndi yotani imeneyi?" Ndinawauza mtengo wake, sanakhulupirire mpaka lero. Ngongole zopempha zinachuluka. Mbali yokoma ndi ya maukwati, poti pafupifupi mwezi uliwonse wa chilimwe pamabwera wina kudzapempha kuti inyamule mkwatibwi, ndipo kandalama kake kamagula oyilo. Ndimayendetsa ndekha, kiyi sindipatsa munthu.

Za chitetezo tisanamizane. Thupi ndi lolimba ndipo mabuleki ndi a disiki mawilo onse anayi, koma yanga ilibe ma airbag kapena ABS, makina oletsa mawilo kuloka pogwira buleki. Nyali zake ndi zofooka poyerekeza ndi za masiku ano, ndipo pa N304 usiku pamakhala njinga zopanda nyali, ngolo ndi mbuzi, ndiye dzuwa likalowa ndimayesetsa kukhala nditafika. Imakoka ndi mawilo akumbuyo, ndipo pa matope ofiira a dzinja, njira za ku Tsangano kapena za kumidzi ya ku Macanga, imavina n'kutitimira. Amene akufuna galimoto yokagulira mbatata ndi chimanga m'minda agule Hilux.

Mukapeza 300D ya thupi labwino pa mtengo woyandikana, tengani imeneyo. Ili ndi silinda yachisanu, malita 3.0 ndi 88 hp pa za m'ma 1980, ndipo mphamvu zoonjezerazo zimamveka pa zitunda za ku Angonia. 230E ya petulo imathamanga kuposa zonsezi, koma makina ake operekera petulo amafuna woyezera wodziwa, ndipo ikakhala nthawi yaitali osayenda imavuta kudzutsa. Imene sindingakulimbikitseni ndi 240D ya otomatiki. Ndinayendetsako ya mnzanga wa ku Moatize tili anthu anayi, ndipo pa chitunda choyamba titangodutsa Mussacama tinapitiriridwa ndi chapa, minibasi ya kuno, yodzaza, mbuzi ziwiri zili pa denga.